Madzi a diripi ndi lactate: zoyenera kudziwa m'bale wanu akagwidwa ndi sepsis

Mayi wabereka masiku anayi apitawo, lero thupi latentha, akunjenjemera ndipo zolankhula zake sizikumveka mutu wake. Bambo wina watsokomola sabata yathunthu, m'mawa uno walephera kudzuka pamphasa, manja ali zii. Onse awiriwa akhoza kukhala ndi vuto lomwe kuchipatala amalitchula kuti sepsis.

Vutoli limayambira pa matenda odziwika kale: chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, chilonda chomwe chachita mafinya, chiberekero chomwe chalowedwa tizilombo, TB, matenda oumitsa khosi. Thupi polimbana ndi tizilomboto limapyola muyeso n'kuyamba kuvulaza ziwalo zake zomwe. Mitsempha ya magazi imafutukuka, madzi amadontha kuchoka m'mitsemphamo, BP imatsika, ndipo impso, chiwindi ndi ubongo zimasowa magazi okwanira. Kafukufuku amene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito anapeza kuti m'chaka cha 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira.

BP ikapitiriza kutsika wodwala atalandira kale madzi a diripi, moti pakufunika mankhwala oikweza, komanso lactate wa m'magazi (chinthu chomwe tikufotokoza m'munsimu) akapitirira 2, madokotala amati wodwalayo wafika pa septic shock. Tanthauzo limeneli linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo mwa odwala khumi ofika pamenepa, oposa anayi amamwalira.

Kodi lactate n'chiyani?

Ndi chinthu chomwe thupi limapanga pophwanya shuga kuti lipeze mphamvu. Tonsefe tili naye m'magazi pang'ono, ndipo amakwera kwa kanthawi munthu akathamanga kapena kupalasa njinga pachitunda. Chiwindi chimamuchotsa, impso zikuthandizira. Kwa munthu wabwinobwino amene akupuma, muyeso wake sufika pa 2 mmol pa lita (mmol ndi muyeso umene amagwiritsa ntchito kuchipatala). Wodwala sepsis akapezeka ndi 4 kapena kuposerapo, madokotala amadziwa kuti moyo uli pachiswe, ngakhale BP ikuoneka ngati ili bwino. N'chifukwa chake amatenganso magazi pakadutsa maola angapo, kuti aone ngati nambala ija ikutsika. Abale ena amadandaula kuti wodwala akubayidwabayidwa. Kubayako kuli ndi cholinga, chifukwa nambala imodzi yokha siuza dokotala ngati chithandizo chikugwira.

Kale anthu ankaganiza kuti lactate akakwera ndiye kuti ziwalo zikusowa mpweya wa okosijeni basi, choncho yankho ndi kuwonjezera madzi. Lero zadziwika kuti zifukwa n'zambiri. Adrenaline amene thupi limatulutsa likapanikizika amakweza lactate. Chiwindi chodwala chimalephera kumuchotsa. Malungo aakulu, khunyu, ndi mankhwala a shuga a metformin kwa munthu amene impso zake zafooka, nazonso zimamukweza. Wodwala wotere mukhoza kumuthira malita ndi malita, nambala osasuntha, mapapo okha n'kumadzaza madzi.

Madzi angati?

Malangizo a 2021 a Surviving Sepsis Campaign, gulu la akatswiri a sepsis ochokera m'maiko osiyanasiyana, amati munthu wamkulu alandire madzi a diripi mamililita osachepera 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake m'maola atatu oyamba. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi malita 1.8. Olemba malangizowo anavomereza okha kuti umboni wa muyeso umenewu ndi wofooka. Madzi omwe amakondedwa ndi monga Ringer's lactate, ndipo dzinali lisakuopseni: lactate wa m'thumbamo chiwindi chimamusintha, si amene amadwalitsa munthu.

Ife a kuno tili ndi chifukwa chapadera chosamalira nkhani imeneyi. Ku University Teaching Hospital ku Lusaka kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Odwala akuluakulu 209, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, anagawidwa m'magulu awiri. Gulu lomwe linatsatira ndondomeko yopereka madzi ochuluka mwachangu linalandira malita pafupifupi 3.5 m'maola asanu ndi limodzi, gulu linalo malita 2. Mwa anthu 100 alionse, 48 anamwalira m'gulu loyamba, pamene m'gulu lachiwiri anamwalira 33. Mu 2011, kafukufuku wa FEAST pa ana oposa 3,000 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania anapezanso kuti ana otentha thupi amene anathiridwa madzi ambiri nthawi imodzi anamwalira ochuluka kuposa amene ankalandira madzi pang'onopang'ono. Madokotala amene ankachita kafukufukuyo anadzidzimuka, chifukwa ana aja ankaoneka ngati akupeza bwino madzi atangolowa.

Madzi akachuluka amalowa m'mapapo, ndipo m'chipatala mopanda makina othandiza kupuma wodwala sachedwa kubanika. Tikukupemphani ndi mtima wonse, inu osamalira odwala: musatembenuze kachowongolera ka diripi kuti madzi atsike msanga, ndipo thumba likatha musakakamize anamwino kupachika lina. Ngati adokotala aimitsa diripi n'kuyamba mankhwala okweza BP monga noradrenaline, sikuti am'taya wodwala wanu. Aona kuti mitsempha yafutukuka, ndipo chofunika ndi kuifinya kuti magazi afike kuziwalo. Dziwaninso kuti nkhaniyi ndi yosiyana ndi ya kolera kapena kutsegula m'mimba kwambiri. Kumeneko thupi latayadi madzi, ndipo diripi yothamanga ndiyo imapulumutsa.

Zipatala zambiri zilibe makina oyezera lactate, koma chala cha wodwala chimanena zambiri. Dokotala amadina nsonga ya chala mpaka iyere, kenako amasiya n'kuwerenga. Mtundu ukatenga masekondi opitirira atatu kuti ubwerere, magazi sakuyenda bwino. Kafukufuku wa ANDROMEDA-SHOCK wa 2019, pa odwala 424 m'maiko asanu a ku South America, anapeza kuti odwala amene chithandizo chawo chinkatsatira chala sanamwalire ochuluka kuposa amene chinkatsatira lactate, ndipo analandira madzi ocheperapo.

Madzi okha sachiza sepsis. Wodwala amene wafika pa septic shock ayenera kulandira maantibayotiki a m'mitsempha ola limodzi lisanathe, ndipo ngati pali mafinya kapena zotsalira m'chiberekero, zichotsedwe msanga.

Kunyumba, munthu wodwala akayamba kupuma mofulumira, kusokonezeka maganizo, kuzizira manja ndi mapazi, kapena akatha tsiku lonse osakodza, pezani thiransipoti nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Musadikire kuti panado agwire. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV, a shuga ndi azitsamba, ndipo muwauze adokotala mosabisa. Muwodi, yang'anirani mkodzo: wakodza kangati, wochuluka bwanji, ngati ali ndi paipi thumba ladzaza mpaka pati. Diripi ikutsika, wodwala akayamba kubanika, kutsokomola thovu kapena kukana kugona chagada, itanani anamwino pomwepo.