Wofotokoza nkhani akakhala wodwala maganizo, timukhulupirire mpaka pati?

Owerenga ambiri akangotulukira kuti amene akufotokoza nkhani mu novelo mutu wake sukuyenda bwino amangoti basi, zonse wanenazi nzabodza. Ine monga mphunzitsi wa zolembalemba apa mpomwe ndimakana. Pali wofotokoza amene amatinamiza dala kuti abise zake, ndiye pali wina amene akunena moona mtima zomwe iyeyo akuona ndi kumva, kungoti maso ndi makutu ake akumuuza zina. Onsewa timawatcha ofotokoza osadalirika, dzina lomwe katswiri wa zolembalemba Wayne C. Booth analitchukitsa mu 1961, koma kawerengedwe kake sikamodzi ayi.

Tengani One Flew Over the Cuckoo's Nest ya Ken Kesey, ya 1962. Nkhani yonse tikuimva kwa Chief Bromden, wodwala wa mu chipatala cha matenda a maganizo ku Oregon, yemwe kwa zaka wakhala akunamizira kuti samva komanso salankhula. Iye amati muli makina obisika otulutsa chifunga mu wodi, amati Nurse Ratched amatha kuthamangitsa kapena kuchedwetsa wotchi ya pakhoma, ndipo kunjako kuli chimakina chachikulu chomwe ntchito yake nkuwongola anthu kuti onse afanane. Makina achifungawo kulibe, izo nzoona. Koma muone nthawi imene chifungacho chimabwera, ndi pamene ali ndi mantha, pamene mankhwala amulemera, pamene akufuna kubisala, ndiye McMurphy, wodwala watsopano, akayamba kuvuta malamulo a mu wodi chifunga chija chimayamba kuchepa. Apa wolemba watipatsa sikelo yoyezera mantha a Bromden. Komanso poti onse ankamuyesa gonthi, madokotala ndi manesi ankalankhula zinsinsi iye ali pompo akusesa, moti wodwala yemweyu ndi amene akudziwa zambiri kuposa wina aliyense mmenemo.

Wolemba waluso amasiya zizindikiro kuti tidziwe pomwe nkhani yapatuka. Nikolai Gogol, wolemba wa ku Russia, mu Diary of a Madman ya 1835 anagwiritsa ntchito madeti, kalaliki wa ku St Petersburg amene akufotokoza nkhaniyo akamafika podziyesa mfumu ya Spain dayale yake ikulembedwa 43 Epulo chaka cha 2000. Palibe amene akutiuza kuti wadwala, deti yokha yakwana. Pena chizindikiro chimakhala mmene anthu ena akumuyankhira, pena ndi kulimbikira kwake kuti ali bwinobwino tisanamufunse nkomwe, ngati uja wa Edgar Allan Poe mu The Tell-Tale Heart ya 1843.

Chomwe chimandinyansa ine ndi olemba amene matenda amawasunga mthumba mpaka tsamba lomaliza kenako nkutiuza kuti eti zonse zinali mmutu mwake, ndipo wapha anthu ndi iyeyo. Umenewo ndi ulesi, komanso zimalimbitsa bodza lija loti wodwala maganizo ndi woopsa, chikhalirecho ambiri mwa odwalawa sachita zachiwawa ndipo kawirikawiri iwowo ndi amene amachitiridwa nkhanza.

Nchifukwa chake ophunzira anga ndimakonda kuwapatsa The Yellow Wallpaper ya Charlotte Perkins Gilman, ya 1892. Mayi wongobereka kumene akuona mzimayi akukwawa kuseri kwa maluwa a pepala lomata kukhoma, ife tikudziwa kuti mzimayiyo kulibe. Koma amene wamutsekera mchipindamo nkumuletsa kulemba ndi kugwira ntchito ndi mwamuna wake John, dokotala, wa mutu wabwinobwino, ndipo mayiyo ananena poyambirira pomwe kuti kugwirako ntchito kukanamuthandiza koma sanamumvere. Gilman mwiniwake analandirapo chithandizo chogoneka munthu chotere kwa dokotala Silas Weir Mitchell mu 1887. Ndikafunsa mkalasi kuti pa awiriwa wosadalirika ndi ndani, mkangano wake sutha ndi piriyodi imodzi.