Msewu wa tiyi: mmene matauni a pakati pa Limbe ndi Muloza anabadwira

Kuchokera ku Limbe, misewu yopita ku Mulanje ilipo iwiri. Wina ndi wa Midima, umene boma linaupatsa dzina la Robert Mugabe mu 2006 koma anthu akuutchulabe Midima mpaka lero. Ndi wachidule, ndipo munthu wachangu kapena amene watenga galimoto ya hayala n'kumawerengera mafuta amadzera kumeneko. Winawo ndi wa M2, wozungulira, wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza n'kukathera pa chipata cha Muloza, pa malire ndi Mozambique. Wofuna kuona matauni akale a dera lino akwere minibasi ya msewu wachiwiriwu, ndipo alimbirane mpando wa pawindo. Zambiri zimene zinachitika kuno sizinalembedwe pa chikwangwani chilichonse. Zimaoneka pa kagawidwe ka nthaka.

Pa Bvumbwe simuchedwapo. Minibasi ikangoima, mawindo amadzaza ndi mabeseni a tomato, kabichi ndi karoti, kondakitala ndalama zamapepala atazipinda pakati pa zala, akukuwa kuti "Thyolo, Luchenza, mmodzi yekha!" pamene mipando yopanda anthu ilipo itatu. Mukapitirira pang'ono dziko limasintha. Kumanja tiyi, kumanzere tiyi, wofanana msinkhu wolekeza m'chiuno, mizere ya bulugamu m'malire, ndipo penapake nyumba yaikulu ya khonde lozungulira ili yokhayokha pamwamba pa chitunda. Amayi ndi abambo ali m'mizeremo, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuopa mame, manja onse awiri akuthyola nsonga n'kuponya kumbuyo osacheuka. Ndiye yang'anani kumene kuli midzi. Ili m'mphepete mwa msewu, m'zigwa ndi m'malo otsetsereka, nyumba zothithikana, chimanga, nandolo ndi chinangwa zonse m'kamunda kamodzi.

Kugawa kumeneku n'kwakale. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Britain, anapeza azungu ndi makampani akunena kuti anagula kale malo kwa mafumu. Malipiro ake kawirikawiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Johnston anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim, ndipo nthaka imene mfumu inkangoyang'anira m'malo mwa anthu ake inasanduka chuma cha munthu mmodzi. M'zikalatamo munali mawu oti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Koma makolo athu ankasiya munda ukaguga n'kukatsegula mphanje kwina, ndipo akangosuntha, chitetezo chija chinkathera pomwepo. Ku Thyolo, kumene atsamunda ankalemba kuti Cholo, malo aakulu anagwera m'manja mwa British Central Africa Company, imene inatenga minda ya Eugene Sharrer.

Tiyi sanali mbewu yoyamba. Azunguwo anayamba ndi khofi, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ankaona ngati alemera. Mitengo itagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo ndi chilala n'kuwonjezerapo, anathamangira ku thonje ndi fodya. Tiyi anali atamera kale m'munda wa mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1891 Henry Brown, amene analimapo khofi ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, anatenga mbewu kumeneko n'kukadzala m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mvula imagwa yochuluka. Maina a Lauderdale ndi Thornwood amene mumamva okwera akutchula potsika ndi a nthawi imeneyo. Ku Thyolo tiyi anafika mochedwerapo. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923 ndi Maclean Kay, ndipo nyumba ya banjalo, Huntingdon House, imene lero imalandira alendo, ndi ya 1928. Chimene chinakuza tiyi kwenikweni ndi pangano la mu 1933, pamene maiko olima tiyi wambiri monga India ndi Ceylon anagwirizana zochepetsa wotumiza kunja. Mtengo unakwera, ndipo eni minda a kuno anadzala paliponse pamene akanatha.

Nanga ankathyola ndani? Apa ndiye pagona nkhani. Amang'anja ndi Ayao amene anali kuno sanali ochuluka, ndipo ambiri anali ndi minda yawo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe anayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Anabwera mabanja athunthu, ndipo anapitiriza kubwera kwa zaka makumi angapo. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri, chifukwa mlendo analibe mawu aja a m'chikalata omuteteza. Ankapatsidwa pomanga ndi polima, malipiro ake thangata: mwezi umodzi wogwirira malo, mwezi wina wogwirira msonkho wa boma. Mweziwo sunkawerengedwa pa kalendala ayi, koma pa tikiti imene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku. Ukalephera kumaliza ndime, tsikulo silichongedwa, ndipo mwezi umodzi unkatha kukoka mpaka masabata 6 kapena kuposa. Ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukufunanso khasu.

Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti linati likonze zinthu, koma linabweretsa zowawa zina. Linalola mwini malo kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu ake pakatha zaka 5 zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakula analibe ufulu wokhala pamalopo, chimodzimodzinso mwamuna wodzakwatira mwana wamkazi wa pamudzi. Kwa anthu a chikamwini, amene mudzi wawo umakula ndi ana aakazi ndi akamwini, lamulo limeneli linali lodula mudzi pakhosi. Mukamva agogo a ku Thyolo akutchula thangata nkhope itagwa, musaganize kuti akukamba za ntchito yolemetsa yokha.

Boma la Thyolo lenilenilo ndi laling'ono: ofesi ya DC, polisi, khoti, chipatala, msika ndi depoti. Silinakule chifukwa tiyi analizinga mbali zonse, ndipo esiteti iliyonse inali ndi sitolo, fakitale ndi nyumba zakezake za antchito. Apa ndi posinthira galimoto ngati mukufuna Makwasa. Kumeneko kuli Malamulo, mishoni imene a Seventh-day Adventist anagula mu 1902 kwa a Seventh Day Baptist, amene mmishonale Joseph Booth anawatsegulira malowo pa dzina la Plainfield. Mmodzi wa oyamba kuiyendetsa anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Chipatala chake chinatchuka ndi kusamalira akhate, ndipo mpaka pano anthu amachokera kutali kudzalandira chithandizo. Kupitirira apo msewu umalowera ku Thekerani, kwawo kwa nthochi zimene zinkadzaza malole opita ku Blantyre ndi Lilongwe matenda a chisaka asanaziwononge.

Luchenza ndi tauni ya mtundu wina. Inabadwa ndi njanji. Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo siteshoni ya Luchenza ndi imene inali pafupi ndi minda ya ku Mulanje. Mabokosi a tiyi ankabwera pano, kukwera sitima kutsikira ku Chiromo, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935 ankapita osatsitsidwa mpaka ku doko la Beira. Amwenye anamanga masitolo a makonde moyang'ana msewu, kunabwera nyumba zosungiramo katundu, ndipo kwa nthawi ndithu Luchenza inkaoneka ngati idzaposa maboma onse awiri. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, madzi anakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, ndipo tiyi anasamukira m'malole. Tsikani pano ngakhale kwa ola limodzi. Kuchokera pa siteji kupita ku siteshoni ndi poyenda pansi, ndipo nyumba zakalezo, zina utoto utasuluka, zikukuuzani kukula kwa malonda amene ankadutsa pano. Maminibasi a ku Mulanje sasowa, mupeza ina.

Kufupi ndi Luchenza komweko, pa esiteti ya Mangunda, ndi pamene panabuka chipolowe cha mu August 1953. Chiyambi chake chinali malalanje. Azungu a pa esitetiyo anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba zipatsozo, mbiri inawanda kuti anthuwo aphedwa, ndipo khamu linasonkhana. Malalanje okha sakanayatsa moto wotere. Chaka chimenecho n'chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu, lendi ya m'maesiteti inali itakwera, ndipo alangizi ankalipiritsa anthu chifukwa cha malamulo a malimidwe. Anthu anagwetsa mitengo kutseka misewu, anadula mawaya a telefoni, ndipo zipolowe zinafalikira m'maboma oyandikana nawo. Pofika kumapeto, anthu akuda 11 anali ataphedwa. Boma la atsamunda linafulumiza kugula malo ena a maesiteti n'kukhazikapo anthu, koma thangata anadzathetsedwa ndi lamulo mu 1962, Kamuzu Banda ndi chipani chake atalowa kale m'boma.

Ufulu wa 1964 sunasunthe malire a minda ya tiyi. Boma latsopano linkafuna ndalama zakunja, ndipo linasankha kusiya maesiteti mmene analiri, n'kukhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967 kuti alimi ang'onoang'ono nawo adzaleko. Anthu anapitiriza kuchulukana pa nthaka yomweyo. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo, ya ndalama za World Bank, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza minda, ndipo ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Machinga ndi Mangochi. Ena anakhazikika, ena anabwerera. Cha m'ma 2016 gulu la People's Land Organisation, motsogozedwa ndi Vincent Wandale, linafika polengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha. Anthu a m'tauni anaseka, koma m'minibasi za msewu uno nkhani ya malo siseketsa aliyense. Eni maesiteti nawo ali ndi yankho lawo: amalemba ntchito anthu zikwizikwi, tiyi amabweretsa ndalama zakunja, ndipo zikalata zawo n'zovomerezeka ndi malamulo. Zonsezo n'zoona, koma kwa ine sizikuyankha funso la mnyamata amene mayi ake agawa kale kamunda kawo kanayi.

Mukawoloka kulowa m'boma la Mulanje mudutsa pa Chonde, likulu la Mulhako wa Alhomwe, gulu limene Bingu wa Mutharika analimbikitsa ali pulezidenti. Mwezi wa October zidzukulu za anthu aja a matikiti zimasonkhana pano kuvina tchopa ndi kudya kalongonda, magalimoto a akuluakulu atandanda m'mbali mwa msewu. Patsogolo panu phiri limakhala litatsekeratu kumwamba, pokhapokha ngati kuli chiperoni, pamene simuona ngakhale tsinde lake.

Boma la Mulanje linayamba ngati linga. Mu 1893 Johnston anamanga malinga awiri, Fort Anderson ndi Fort Lister, maina a akuluakulu a ku ofesi yoona za maiko akunja ku London amene sanapondepo kuno. Cholinga chinali kutseka njira ya akapolo ndi minyanga yopita ku doko la Quelimane ku Mozambique ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao monga Mkanda ndi Matipwiri, amene ankalamulira njirayo. Fort Anderson ndi limene linasanduka likulu la boma la Mulanje, limene atsamunda ankalemba kuti Mlanje. Masiku ano moyo wa tauniyi uli pa Chitakale, pamene pali mphambano ya ku Likhubula ndi Phalombe. Mukangotsika, anyamata a kabaza amakuzungulirani: "Tiyeni bwana, ku Dziwe la Nkhalamba?" Ambiri obwera kuno amadzera phiri, nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, ndi mkungudza umene watsala pang'ono kutheratu, ndipo chiyambire pamene UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe a dziko lonse mu 2025, dzina lake lamveka kutali.

Fort Lister ndiye pamene minibasi imakusiyani. Lingali lili pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'dera limene linakhala boma la Phalombe mu 1998. Mpata umenewo ndi umene magulu a akapolo ankadutsa. Asilikali anachokapo patapita zaka zochepa, ndipo chotsala ndi zipupa zogumuka ndi manda ochepa m'tchire. Kuti mukafike muyenera kuchoka pa tala n'kukwera msewu wafumbi, choncho apa galimoto ya hayala ili ndi phindu, bola ikhale yokwera bwino pansi. Kagalimoto ka m'tauni mukakasiya panjira, makamaka dzinja, poti dera lino ndi la napolo: madzi ndi miyala zinatsika m'phiri mu March 1991, zinatsikanso ndi namondwe Freddy mu March 2023. Wopanda galimoto akwere za ku Phalombe pa Chitakale, akatsike pa boma n'kupangana mtengo ndi wa njinga yamoto wopita ndi kubwerera, kudikira komwe. Mukafika m'mudzi wa pafupi, yambani mwapereka moni n'kupempha wina akuperekezeni, chifukwa udzu ukakula njira yake sioneka.

Amene atsala pa M2 ali ndi makilomita pafupifupi 30 kuti afike pa Muloza. Msewu umadutsa pa Mimosa, pamene pali malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation of Central Africa, ndi mphambano ya ku Lujeri, kenako msika wa Limbuli, umene pa tsiku la msika umadzaza ndi njinga zonyamula matumba a chimanga ndi nandolo kuchokera tsidya lina. Malirewo anaikidwa ndi pangano la Britain ndi Portugal mu 1891, kutsata mitsinje ya Ruo ndi Muloza, ndipo anadula pakati pa mabanja amene mpaka lero amayenderana pa maliro ndi pa ukwati. Minibasi imathera pa chipata. Wopita ku Milange amatsika n'kukwera kabaza.