Fumbi la asibesitosi: matenda ake ndi chipukuta misozi cha odwala

Asibesitosi ndi mwala wokumbidwa pansi umene ukaphwanyidwa umanyenyeka n'kukhala tiulusi. Supsa ndi moto ndipo suwola. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri mafakitale ankausakaniza ndi simenti popanga malata ofolera nyumba, siling'i ndi mapaipi a madzi, komanso ankauika m'mabuleki a galimoto. Choopsa ndi fumbi lake. Tiulusi timeneti sitioneka ndi maso, tilibe fungo, ndipo tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo moyo wonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mitundu yonse ya asibesitosi, woyera, wabuluu ndi wofiirira, imayambitsa khansa.

Matenda ake

Oyamba ndi asbestosis. Mapapo amachita zipsera n'kuuma, moti munthu amachita befu akangoyenda pang'ono kapena kukwera kachitunda, amatsokomola chifuwa chouma chosatha, ndipo ena nsonga za zala zawo zimatupa. Achiwiri ndi khansa ya m'mapapo. Achitatu ndi mesothelioma, khansa ya kachikopa kopyapyala kokuta mapapo ndi zam'mimba. Iyi imabwera ndi ululu wa m'chifuwa, madzi odzadza m'nthiti ndi kuwonda, ndipo ambiri sakhala nayo nthawi yaitali ikadziwika. Fumbili limayambitsanso khansa ya kholingo ndi ya thumba la mazira mwa amayi.

Matendawa amachedwa kuonekera. Pamatha kupita zaka 20, 30 ngakhale 40 munthu atasiya ntchito, iye akulima bwinobwino kumudzi. Akayamba kudwala, iyeyo ndi abale ake saganizanso za mgodi umene anausiya ali mnyamata. Zizindikiro zakenso zimafanana ndi za chifuwa chachikulu, choncho munthu akhoza kumwa mankhwala a TB osaona kusintha. Apa m'pamene wodwala ayenera kuthandiza dokotala. Muuzeni kumene munagwira ntchito, zaka zake, ndi fumbi limene munkapuma, ngakhale asanakufunseni. Pemphani kuti akujambuleni m'chifuwa.

Zipsera za m'mapapo sizipola, koma kuchipatala kuli thandizo lochepetsa ululu ndi befu, ndiponso lochiza msanga chibayo ndi TB, zomwe zimafooketsa kwambiri mapapo ovulala kale. Ngati mumasuta fodya, lekani: utsi wa fodya ukakumana ndi fumbili, mwayi wodwala khansa ya m'mapapo umakula kwambiri. Matendawa si opatsirana, ndipo palibe chifukwa chomusalira wodwala kapena kumupatulira mbale.

Amene anapuma fumbili

Ku South Africa asibesitosi ankakumbidwa ku Koegas, Prieska ndi Kuruman m'chigawo cha Northern Cape, ku Penge ku Limpopo, ndi ku Msauli ku Mpumalanga. Ku Zimbabwe kunali migodi ya Shabanie ku Zvishavane ndi Mashaba ku Mashava. M'migodi imeneyi munagwiranso ntchito amuna ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Ena anabwerera kumudzi, ena anatchona komweko ndipo ana ndi zidzukulu zawo alipo mpaka lero.

Si olowa pansi okha amene anavulala. Amayi ankaswa miyala ndi nyundo posankha ulusi, ana awo ali pambali. Ena anapuma fumbili pochapa zovala za amuna awo. Mu 1949 dokotala wina, Gerrit Schepers, anapeza ana ku Penge atalowetsedwa m'matumba akuluakulu, akupondaponda asibesitosi kuti akhathamire. Mu 1960 Dr J.C. Wagner ndi anzake anafotokoza za odwala mesothelioma 33, pafupifupi onse okhudzidwa ndi asibesitosi wabuluu wa ku Cape, ndipo ena mwa iwo anali asanagwirepo ntchito mumgodi, ankangokhala pafupi. Chenjezo linamveka kale chonchi, koma migodi inapitirira kwa zaka makumi angapo. Dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008.

Nkhondo ya chipukuta misozi

Ndalama zimene odwala alandira sizinabwere mwa chifundo cha makampani. Kampani ya ku Britain ya Cape plc, imene inkakumba asibesitosi, inachoka ku South Africa mu 1979, kusiya milu ya fumbi ndi anthu odwala. Mu 1997 odwala ochepa anaisumira ku London mothandizidwa ndi loya Richard Meeran, ndipo odandaula anachuluka mpaka kufika pa 7,500. Kampaniyo inalimbikira kuti mlandu ukazengedwe ku South Africa, kumene anthu osaukawo sakanatha kulipira maloya. Mu 2000 bwalo la House of Lords, limene linali lalikulu kwambiri ku Britain, linagamula kuti uzengedwe ku England. Mu 2001 Cape inalonjeza mapaundi 21 miliyoni, koma sinapereke. Mu 2003 inapereka mapaundi 7.5 miliyoni okha. Pofika nthawiyo odandaula mazanamazana anali atamwalira, osalandira kanthu. Gawani ndalamazo kwa anthu 7,500, muone mtengo umene anaika pa mapapo a munthu.

Chaka chomwecho kampani ya migodi ya ku South Africa ya Gencor, itakakamizidwa ndi loya Richard Spoor ndi odwala, inavomera kupereka ndalama zoposa 400 miliyoni rand. Pamenepo panabadwa thumba la Asbestos Relief Trust. Mu 2006 panakhazikitsidwanso Kgalagadi Relief Trust, ya amene anagwira ntchito m'migodi ina ya ku Kuruman ndi Danielskuil. Matumbawa anakhazikitsidwa kuti azilipira okhudzidwa ndi migodi yotchulidwa m'mapangano ake, osati mgodi uliwonse.

Palinso njira ya boma. Lamulo la South Africa la 1973 lokhudza matenda a m'migodi limapatsa aliyense amene anagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, kaya ndi nzika kaya mlendo, ufulu woyezedwa mapapo zaka ziwiri zilizonse. Zotsatira zimapita ku Medical Bureau for Occupational Diseases, ofesi ya boma yoona za matenda a m'migodi, ku Johannesburg. Munthu akamwalira, banja likhoza kuvomera kuti mapapo ndi mtima ziyezedwe kuti mkazi ndi ana alandire chipukuta misozi. Ku Zimbabwe nkhanizi zimayendetsedwa ndi NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi chipukuta misozi cha ogwira ntchito. Musasokoneze izi ndi Tshiamiso Trust, imene ndi ya odwala silicosis (matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala) ndi TB a m'migodi ya golide.

Sungani pepala lililonse: khadi la ntchito, nambala ya ku mgodi, makalata a Theba kapena Wenela, buku la kuchipatala. Kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Kulembetsa dandaulo sikufuna ndalama, choncho kanani madobadoba amene amayenda m'midzi akuti perekani kangachepe tikulembeni dzina, ndipo musawapatse mapepala anu enieni.

Malata akale

Nyumba zina zakale, masukulu ndi zipatala zikadali ndi malata otuwa a asibesitosi. Akakhala athunthu, asiyeni. Musawacheke, musawaboole, musawakweche pochotsa ndere. Zidutswa zothyoka musasese zili zouma. Zinyowetseni ndi madzi, zikulungeni mupulasitiki wokhuthala, ndipo funsani a zaumoyo a ku khonsolo kumene mungazitaye. Kansalu kophimba pamphuno sikatchinga fumbili. Ana asaseweretse zidutswazi, ndipo musazigwiritse ntchito ngati mafuwa kapena chowotcherapo chimanga.