Handibuleki ikafooka, musathamangire kumanga kebulo

Kuno ku Chigwa cha Shire malo ambiri ndi athyathyathya, ndiye mwini pikapu wa ku Ngabu kapena ku Bangula amatha miyezi osadziwa kuti handibuleki yake inafa kalekale. Amakadziwira pa chitunda cha Chikwawa, atangodutsa pa Thabwa: lole ya shuga yaima kutsogolo, iye wasenza matumba a mapira, wakoka chogwirira mpaka mapeto, koma galimoto ikubwererabe m'mbuyo.

Akafika ku galaja mawu ake ndi amodzi: "Amakanika, tangomangani kebuloyo." Ine ndimakana, chifukwa nthawi zambiri wolakwa si kebulo.

Mapikapu ambiri omwe tili nawo kuno, monga Hilux ndi Hardbody, kumbuyo ali ndi mabuleki a dilamu, chitsulo chonga mphika chomwe chimazungulira limodzi ndi tayala. Mukakoka chogwirira, kebulo imatambasula ma shoe awiri, zitsulo zopindika zomwe zimagwira buleki, kuti akanikize dilamu m'kati. Ma shoe akamadyeka mpata umakula, ndipo pali kachitsulo ka mano, adjuster, koyenera kumatseka mpatawo kokha. Vuto lathu ndi matope. Mukawoloka madzi nthawi ya dzinja, monga amachitira anzathu a ku East Bank, matope ndi mchenga zimalowa m'dilamu, kachitsulo kaja n'kugwidwa dzimbiri, osazunguliranso. Mukamanga kebulo zinthu zili choncho, chogwirira chimamveka cholimba ndithu, koma ma shoe amatsala akukhula dilamu ulendo wonse. Ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno, dilamu imachita kuotcha dzanja, mafuta nawo akungotha.

Yambani ndi kumvetsera. Kokani pang'onopang'ono mukuwerenga kulira kwa mano a chogwirira. Pa galimoto zambiri iyenera kugwira pakati pa mano 5 ndi 9. Buku la galimoto yanu limanena nambala yeniyeni. Kenako imikani pamalo olingana, tchingani matayala akutsogolo ndi miyala, kwezani kumbuyo konse n'kukhazika pa masitandi. Jeke yokha musaikhulupirire. Giya ili pa fili, kokani handibuleki, muyese kuzunguza tayala lililonse ndi manja. Lina likagwira lina n'kumazungulira, mwadziwa mbali yodwala.

Tsitsani handibuleki, chotsani dilamu, muone ndi maso. Ma shoe akatsala mamilimita osakwana 2, ine ndimasintha, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Akakhala onyowa, akuda bii, gwirani ndi chala mununkhize. Oyilo wa difu ndi wolemera ndipo amanunkha moipa, kusonyeza kuti seal ya ekiselo, kalabala kotchinga oyilo, yatha. Brake fluid ndi wopepuka, amachokera pa silinda ya tayalalo. Ma shoe omwa oyilo ndi otaya basi. Zowatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto, zomwe ena amachita pansi pa mtengo, n'kungodzinamiza: akatentha oyilo amatulukanso. Ndipo posintha seal musaiwale kabowo kotulukira mpweya komwe kali pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umasowa potulukira n'kukankhira oyilo ku seal yatsopanoyo.

Zonse zikakhala bwino, masulani kebulo kaye, tsukani adjuster, pakani girisi pang'ono pa mazinga ake okha. Bwezerani dilamu, zunguzani adjuster mpaka ma shoe ayambe kukhudza, n'kubweza pang'ono kuti tayala liziyenda momasuka. Pondani buleki ya phazi kangapo. Apa mpamene mumafika pa nati ya kebulo ija. Kebulo yomwe yachita dzimbiri m'chikopa chake, kapena yayamba kuthothoka nsambo, gulani ina.

Mukawoloka madzi, yendani pang'ono mukuponda buleki mopepuka kuti ma shoe aume. Akakhala adakali onyowa madzulo, musagoneke galimoto pa handibuleki, chifukwa kukacha mupeza ma shoe atamatirira dilamu. Pamalo olingana siyani mu giya 1, mwala kutayala.