Mleme si mbalame, ngaka si buluzi

Aliyense amene anagulako mbewa zapampani pa Lizulu, n'kuzidya mosafulumira, anaona timafupa tondondozana ngati mikanda kuyambira m'khosi mpaka kumchira. Timafupa timeneti ndito timapanga msana, ndipo tiliponso mu usipa, mwa chule, mwa njoka, mwa nkhuku ndi mwa munthu, yemwe amabadwa nato 33. M'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umanyamula mauthenga a thupi lonse. Ngumbi, nkhono ndi nkhanu zilibe fupa lotere, choncho sizili m'gulu la nyama zamsana.

Kusukulu timaphunzitsa kuti nyama zamsana zili m'magulu asanu: nsomba, achule ndi anzawo okhala m'madzi ndi pamtunda pomwe, zokwawa, mbalame, ndiponso zoyamwitsa. Kuloweza magulu asanuwa n'kosavuta. Povuta ndi poika nyama m'gulu lake, chifukwa maonekedwe amapusitsa.

Taonani mleme wa m'mapanga a ku Chongoni. Umauluka ndithu, koma ulibe nthenga ngakhale imodzi. Thupi lake ndi laubweya, pakamwa pali mano, suikira mazira, ndipo mwana wake amayamwa atakakamira pachifuwa. Mukatambasula phiko lake mupeza dzanja la zala zisanu: zinayi n'zazitali kwambiri ndipo pakati pake pakungika khungu lopyapyala, pomwe chala chachikulu n'chachifupi, chili ndi chikhadabo. Mafupa ake ndi omwe ali m'dzanja lanuwo, kungoti anatalika. Ngakanso, ngakhale ili ndi mamba thupi lonse, imabereka mwana ndi kumuyamwitsa, ndipo mambawo ndi opangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo zathu. Chizindikiro china chobisika chili m'khosi: pafupifupi zoyamwitsa zonse, kuyambira mbewa ija mpaka nyamalikiti wa khosi lalitali uja, zili ndi mafupa a m'khosi asanu ndi awiri.

Carl Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, ndiye anapatsa zoyamwitsa dzina lawo la sayansi m'chaka cha 1758, potengera mawu a Chilatini otanthauza bere. Mleme sanauike pakati pa mbalame, koma anakauika pamodzi ndi anyani ndi anthu, zomwe akatswiri a pambuyo pake anazikonza.

Masiku ano timagawa nyama poyang'ana mtundu umene zinachokera, monga momwe mfunda umalozera abale ngakhale nkhope zisafanane. Pamenepa ndi pomwe gulu la zokwawa limativuta ife aphunzitsi, pakuti mafupa ndi DNA (chomwe chimanyamula zotengera kumtundu m'thupi) zimasonyeza kuti ng'ona ndi mbale wapafupi wa nkhuku kuposa wa buluzi. Mtima wa ng'ona uli ndi zipinda zinayi ngati wa mbalame, pomwe wa buluzi uli ndi zitatu, ndipo ng'ona yaikazi imalondera mazira ake n'kuthamangira pachisa ikamva ana akulira asanatuluke m'chikamba.