Mkangano wa Windows ndi Linux: kumene unayambira ndi mmene unafikira ku Harare

Aliyense amene anapitako kokakonzetsa laputopu m'timashopu ta m'katikati mwa mzinda wa Harare amadziwa funso limene limabwera makina akangoyatsidwa: tiikemo chiyani? Pakati pa anyamata okonza makompyuta, omwe ena mwa iwo ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito kuno m'nthawi ya Nyasaland n'kukhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, funsoli lili ndi mayankho awiri osagwirizana. Ambiri amati Windows, chifukwa ndiyo imene kasitomala anaizolowera ndipo sadzabweranso mawa kudzadandaula. Ochepa amati Linux, chifukwa ndi yaulere, lamulo limalola kuikopera, ndiponso imayenda bwino pa makina okalamba. Mizu ya mkanganowu ili kutali, m'makontrakiti ndi m'milandu ya ku America ndi ku Ulaya, ndipo sitingaumvetse tisanatsate njira imene kampani imodzi inadutsa mpaka kupezeka pafupifupi pa kompyuta iliyonse ya mu ofesi.

Chimene akulimbiranacho ndi operating system, pulogalamu yaikulu imene imadzuka makina akayatsidwa, imene imayendetsa kiyibodi, sikirini, printa ndi malo osungira mafayilo, ndipo mapulogalamu ena onse amadalira iyo kuti agwire ntchito. Mwini wa pulogalamu yotereyi ali ngati mwini msika amene alinso ndi benchi lake pakhomo lolowera: ndiye amanena amene alowe ndi malo amene akhale, kwinaku akugulitsa katundu wofanana ndi wa anzakewo.

Nkhaniyi inakhota m'chaka cha 1980. Kampani ya IBM, yomwe panthawiyo inali chimphona pa makompyuta akuluakulu, inkafulumira kutulutsa kompyuta yaing'ono ya patebulo ndipo inasowa pulogalamu yoiyendetsa. Pulogalamu yotchuka masiku amenewo inali CP/M ya Gary Kildall, koma zokambirana za IBM ndi kampani yake ya Digital Research sizinaphule kanthu. Microsoft, imene Bill Gates ndi Paul Allen anaiyambitsa mu 1975, inalibe operating system yakeyake yoyenera makinawo, choncho inagula ina yotchedwa 86-DOS, imene Tim Paterson analemba ku kampani ya Seattle Computer Products, n'kuikonza kuti ikhale ya IBM. Kompyutayo inatuluka mu Ogasiti 1981. Chimene chinalemeretsa Microsoft chinali mfundo imodzi ya mu mgwirizanowo: inasunga ufulu wogulitsa pulogalamu yomweyo kwa makampani ena pansi pa dzina la MS-DOS. Compaq ndi makampani ena ambiri atayamba kupanga makompyuta otengera a IBM, onsewo ankafunika MS-DOS, moti IBM inatsala ndi dzina pamene phindu lenileni linkalowera kwa amene inangomulemba ganyu. N'zochititsa chidwi kuti IBM yomweyo inali pa mlandu ndi boma la America kuyambira 1969 mpaka 1982 pa nkhani yomweyi yopondereza anzake pamsika.

Windows yoyamba inatuluka mu 1985, patangopita chaka chimodzi Apple itatulutsa Macintosh, koma inayamba kugwira msika ndi Windows 3.0 ya mu 1990. Apple inasumira Microsoft mu 1988 ponena kuti yabera maonekedwe a sikirini yake, ndipo inagonja. Apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati Windows inapambana chifukwa inali yabwino kuposa zonse. Kwa zaka zingapo Microsoft inkapangana ndi opanga makompyuta kuti azilipira laisensi pa makina alionse amene atulutsa, kaya aikamo pulogalamu ya Microsoft kaya ayi. Wopanga makina amene akanafuna kuikamo DR-DOS ya Digital Research kapena OS/2 ya IBM akanalipira kawiri, ndipo palibe wamalonda wanzeru amene angachite zimenezo. Boma la America linafufuza, ndipo mu 1994 Microsoft inavomera kusiya mchitidwewu, koma n'kuti opikisana nayo atafooka kale.

Kuyambira pamenepo mphamvu yake inkadzikulitsa yokha. Olemba mapulogalamu ankalembera Windows chifukwa ndi kumene kunali ogula ambiri, ndipo ogula ankasankha Windows chifukwa ndi kumene kunali mapulogalamu ambiri. Chimene chikanatha kudula unyolo umenewu chinali intaneti. Mu 1994 kunatuluka Netscape Navigator, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imene inkayenda pa Windows, pa Macintosh ndi pa operating system ina yotchedwa Unix mofanana. Microsoft inaona kuti anthu akayamba kugwirira ntchito zawo m'kati mwa pulogalamu yotereyi, sizidzakhalanso zofunika kuti pansi pake pali Windows kapena china. Inapanga Internet Explorer, n'kuipereka ulere, n'kuimangirira m'kati mwa Windows, ndipo inaletsa opanga makompyuta kuichotsa pamaso pa wogula.

Mu Meyi 1998 boma la America pamodzi ndi zigawo 20 za dzikolo linatengera Microsoft kukhoti. Woweruza Thomas Penfield Jackson anapeza mu Novembala 1999 kuti kampaniyo ikulamulira yokha msika wa ma operating system a makompyuta a patebulo ndipo ikugwiritsa ntchito mphamvuyo kufooketsa ena, ndipo mu Juni 2000 analamula kuti igawidwe pawiri, mbali ya Windows payokha ndi mbali ya mapulogalamu ena payokha. Khoti la apilo mu Juni 2001 linavomereza kuti Microsoft inateteza ulamuliro wake m'njira zosaloledwa, koma linathetsa chigamulo choigawa, ndipo linadzudzula woweruzayo chifukwa cholankhula ndi atolankhani mlandu uli m'kati. Nkhaniyo inatha ndi mgwirizano wa kunja kwa khoti chakumapeto kwa chaka chomwecho. Pofika apo Netscape inali itagulidwa kale ndi kampani ya AOL ndipo msika wake unali utapita. Chinthu chimodzi chimene inasiya ndicho code yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo, imene inaitsegulira anthu onse mu 1998, ndipo kuchokera mmenemo munatuluka Firefox mu 2004.

Mayiko a ku Ulaya anaumitsako dzanja. Mu 2004 anailipiritsa Microsoft chindapusa cha mayuro 497 miliyoni chifukwa chomangirira pulogalamu yake yoonetsera makanema m'kati mwa Windows ndi kubisa zofunika kuti maseva (makompyuta amene amatumikira makompyuta ena) a makampani ena azimvana ndi makompyuta ake. Mu 2008 anawonjezera mayuro 899 miliyoni chifukwa chochedwa kumvera, ndipo mu 2013 enanso 561 miliyoni chifukwa chosiya kuonetsa ogula tsamba lowalola kusankha pulogalamu ya intaneti imene akufuna.

Ndiyenera kunena kuti oikira kumbuyo Microsoft ali ndi mfundo yomveka. Kukhala ndi pulogalamu imodzi yoyenda pa makina a makampani ambirimbiri kunachititsa kuti opanga makinawo azipikisana pa mtengo, ndipo kompyuta inatsika mtengo mpaka kufika m'manja mwa anthu wamba. Apple, imene ena amaitamanda ngati njira ina, ndiyo yotseka kwambiri, chifukwa makina ndi pulogalamu zonse ndi zake, ndipo mu 1997, pamene inali pamavuto aakulu a zachuma, Microsoft yomweyo ndiyo inaikamo madola 150 miliyoni. Komabe ubwino wa muyezo umodzi sufuna kuti muyezowo ukhale chuma cha kampani imodzi. Intaneti yeniyeniyo imayenda pa miyezo imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, ndipo yakula kuposa chinthu chilichonse chimene kampani imodzi inapangapo.

Mbali ya Linux ili ndi mbiri yake yakale kuposa Windows. Unix, imene Linux inatengera kapangidwe kake, inayambika mu 1969 ku Bell Labs, malo ofufuzira a kampani ya AT&T, m'manja mwa Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, ndipo popeza kampani ya matelefoniyi inali yoletsedwa ndi mgwirizano wa mu 1956 kuchita malonda ena kupatula a matelefoni, inapereka Unix ku mayunivesite pa mtengo wochepa pamodzi ndi code yake. Motero lamulo loletsa kampani imodzi kumeza msika ndilo linathandiza kuti chizolowezi chogawana code chikule. Makampani atayamba kutseka mapulogalamu awo, Richard Stallman analengeza mu 1983 ntchito ya GNU, yopanga operating system yonga Unix imene aliyense ali ndi ufulu woikopera ndi kuisintha, ndipo kenako kunabwera laisensi ya GPL, imene imalola munthu kukopera, kusintha ndi kugawa pulogalamu malinga ngati wolandirayo apatsidwa ufulu womwewo. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku yunivesite ya Helsinki, analemba mtima wa operating system umene unkasowa pa ntchito ya GNU, ndipo mtimawo unatchedwa Linux. Microsoft inadana nazo kwambiri zimenezi, moti mu 2001 mkulu wake Steve Ballmer anayerekeza Linux ndi matenda a khansa. Lero maseva ambiri a pa intaneti amayenda pa Linux, kuphatikizapo ochuluka amene Microsoft yomweyo imabwereketsa kwa makasitomala ake. Mtundu wa Linux umene umapezeka kawirikawiri kuno ndi Ubuntu, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anauyambitsa mu 2004.

Nanga zinatheka bwanji kuti mu mzinda umene anthu ambiri sangakwanitse kugula laisensi, pulogalamu yaulere ikhale ya ochepa? Kompyuta zambiri za kuno n'zakaunjika, zochokera m'maofesi a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa, ndipo zimafika zili kale ndi kachizindikiro ka Windows pansi pake. Zikafuna kukonzedwa, wokonza amatulutsa flash m'thumba, n'kuikamo Windows ndi Office zokopera mozemba, ndipo kasitomala amalipira ntchito ya manja yokha. Kwa iye zonse ziwiri n'zaulere, choncho mfundo ya mtengo imene imathandiza Linux kwina ilibe mphamvu kuno. Bill Gates mwiniwake ananenapo mu 1998, pokamba za ku China, kuti ngati anthu akuba mapulogalamu kuli bwino aziba a kampani yake, chifukwa adzazolowera ndipo njira yowalipiritsa idzapezeka m'tsogolo. Zimenezi n'zimene zachitika. Mwana amene waphunzira kompyuta kusukulu waphunzira Word ndi Excel, wolemba ntchito amafunsa zomwezo, mlembi wa mpingo kapena wa bungwe la maliro amatumiza ndondomeko ya mwambo mu fayilo ya Word, ndipo wosindikiza wa m'tauni akaitsegula pa pulogalamu ina n'kupeza mizere yasokonekera, mlandu umagwera pulogalamu inayo. Kukopera mozemba, kumene ambiri amakuona ngati kuilanda Microsoft, ndiko kwaimangira mpanda wolimba kuposa umene ikanamanga ndi ndalama zake.

Ngakhale maboma olemera avutika kutuluka mumpandawu. Mzinda wa Munich ku Germany unagamula mu 2003 kusamutsira makompyuta ake ku Linux, unagwira ntchitoyo kwa zaka zambiri, kenako mu 2017 khonsolo yake inavota zobwerera ku Windows.

Pa mafoni Microsoft inagonja, ngakhale inagula gawo la mafoni la Nokia mu 2014, koma kachitidweko kanangosintha mwini. Android, imene Google inagula mu 2005 ndipo mtima wake ndi Linux, ndiyo ili m'mafoni ambiri a kuno, ndipo mu 2018 mayiko a ku Ulaya anailipiritsa Google mayuro 4.34 biliyoni chifukwa chokakamiza opanga mafoni kuikiratu Chrome, pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti, ndi pulogalamu yake yofufuzira ngati akufuna Play Store, kumene anthu amatengako mapulogalamu a pa foni. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta wa ku America anapeza kuti Google inateteza mosaloledwa ulamuliro wake pa kufufuza zinthu pa intaneti, ndipo mlandu wa Microsoft wa mu 2001 ndiwo unali maziko a chigamulo chake. Izi zikusonyeza kuti code yotseguka payokha siteteza wogula ngati khomo lolowera lili m'manja mwa mmodzi.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti zigamulo zonsezi zimathandiza anthu a kumene kuli makhotiwo. Zimbabwe ili ndi Competition and Tariff Commission, Malawi ili ndi bungwe lake loona za mpikisano pa malonda, ndipo bungwe la COMESA loona za nkhani zomwezi lili ndi likulu lake ku Lilongwe, koma msika wathu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama za makampaniwa. Kusiyanaku kunaonekera poyera pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akaunjika alibe, ngakhale akugwira ntchito bwinobwino. Kuopsa kwa makina osalandira zigamba za chitetezo, zimene kampani imatumiza kuti zitseke mipata yolowera akuba, kunaoneka kale mu Meyi 2017, pamene kachilombo ka WannaCry kanatseka makompyuta m'mayiko ambiri, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain. Mabungwe oimira ogula a ku Ulaya atadandaula, Microsoft inafewetsa zofunika kuti anthu a kumeneko alandire chaka china cha zigambazo ulere, pamene a kwina konse anapatsidwa njira zokhala ndi zoyenera kukwaniritsa, kapena kulipira madola 30.