Zilembo zopendekeka: zojambulidwa ndi zongokankhidwa

Mayi wina amene amaphika jamu wa masitiroberi a pamwamba pa phiri la Zomba anafika ku ofesi kwanga ndi botolo m'manja, nandiuza kuti akufuna dzina la jamu wakeyo lilembedwe ndi zilembo zooneka zamtengo wapatali, popeza akufuna kumagulitsa kwa alendo okwera ku Ku Chawe. Anali atayesa kale yekha pa kompyuta, podina kabatani ka I kaja kuti zilembo zipendekeke, koma zimene zinatuluka sizinamukhutiritse ngakhale sankatha kufotokoza chimene chinalakwika. Ine ndinachiona msanga: zilembo zake zinali zongokankhidwa, osati zojambulidwa.

Kusiyana kumeneku ndiko mutu wa nkhani yonse. Zilembo zopendekeka zimene amazitcha italic zinabadwira ku Venice m'chaka cha 1501, pamene wosindikiza mabuku Aldus Manutius anatulutsa timabuku tating'ono totheka kuyenda nato m'manja, ndipo amene anasema zilembozo pachitsulo anali Francesco Griffo, potsanzira kalembedwe ka pamanja ka anthu ophunzira a ku Italy. Choncho italic yeniyeni ndi mwana wa cholembera. Chilembo a chimataya denga lake n'kukhala chozungulira monga mmene aphunzitsi anatiphunzitsira ku pulayimale, f amatsitsa mchira wake pansi pa mzere, ndipo timapazi ta zilembo, tija amati serif, timasanduka tinjira tolowera ndi totulukira ngati dzanja likuthamangira ku chilembo chotsatira. Koma fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo wa pa kompyuta, ikakhala kuti ilibe italic yakeyake, kompyuta imangotenga zilembo zowongoka n'kuzikankhira kumanja, ndipo o amaphwanyika ngati dengu lokhalidwa, mizere ina ikunenepa pamalo posayenera. Poyesa, lembani mawu akuti "fodya" kapena "mafuta" ndipo muone ngati a ndi f asintha maonekedwe kapena angoweramira.

Maonekedwe amene ambiri timawaona ngati apamwamba anachokera kwa anthu awiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Firmin Didot wa ku Paris ndi Giambattista Bodoni wa ku Parma, amene anajambula zilembo zokhala ndi mizere yonenepa kwambiri moyandikana ndi ina yowonda ngati ulusi. Magazini a zovala anazikonda, ndipo mu 1991 wojambula zilembo Jonathan Hoefler anajambulira magazini ya Harper's Bazaar mtundu wake wa zilembo za Didot. Tiyenera kuzindikira kuti dzina la magazini ngati Vogue limalembedwa mowongoka; zopendekeka amazisungira mawu ochepa, ndipo kusowa kwake n'kumene kumazipatsa ulemu. Ndiwo ikachuluka mchere siidyeka.

Ulusi wowonda uja ndiye umatigwetsa m'mavuto kuno kwathu. Zilembo zimenezi anazipangira pepala losalala ndi makina abwino, pomwe makadi athu ambiri a ukwati ndi chinkhoswe amatuluka pa makina a m'mashopu a m'tauni, nthawi zina inki itatsala pang'ono kutha. Pamenepo mizere yowonda imazimiririka, e n'kuoneka ngati c, ndipo dzina la mkwatibwi limasanduka lina. Langizo langa ndi lakuti fonti za ulusi wowonda ngati Didot, Bodoni kapena Playfair Display zikhale za mitu ikuluikulu yokha, ndipo pa zilembo zing'onozing'ono za pa botolo musankhe zamnofu ngati EB Garamond. Playfair Display ndi EB Garamond zimapezeka mwaulere pa intaneti, pa Google Fonts, ndipo zili ndi italic yeniyeni.

Chimene ndimalimbikira kwambiri n'chakuti fonti iyesedwe ndi Chichewa, chifukwa zitsanzo zimene ogulitsa amaonetsa ndi za zinenero zina. Mawu athu ndi aatali, ndipo apa italic imatithandiza popeza kawirikawiri ndi yopanikizika kuposa zilembo zowongoka, moti mawu ngati "tikukuthokozani" amakwana pamzere umodzi. Koma tili ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timakalemba pafupipafupi, mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'chifukwa, ndipo m'mafonti ena opendekeka kamagundana ndi chilembo chotsatira kapena kamasiya mpata waukulu moti liwu limodzi limaoneka ngati awiri. Palinso ŵ wa mu Malaŵi, amene si onse amamulemba masiku ano. Fonti ikapanda kukhala naye, kompyuta imabwereka wa mtundu wina, ndipo amaonekeratu pakati pa anzake kuti ndi mlendo. Za kulemba mutu wonse ndi zilembo zazikulu zopendekeka sindilimbikitsa, ndipo ngakhale m'mabuku a Aldus zilembo zazikulu zinali zowongoka.

Kwa mayi wa jamu uja tinalemba dzina lokha ndi Playfair Display yopendekeka, zina zonse monga kulemera kwake ndi tsiku lophikira tinazisiya zowongoka. Tinasindikiza kapepala kamodzi koyesera, tinakamata pa botolo, ndipo ndinawapempha kuti aime pakhomo la ofesi, ine nditanyamula botololo pafupi ndi zenera, awerenge mokweza. Pa ulendo woyamba anaphonya chilembo chimodzi, choncho tinakulitsa dzinalo pang'ono ndi kusankha mtundu wonenepako wa fonti yomweyo tisanapite kukasindikiza mazana awiri amene ankafuna.